Dzanja la M'mphepete

Ku Valparaíso misewu siidziwa kugona pansi,
imangokwera, kukwera, mpaka mpweya kuthera pakhosi.
Ndinaikwera chaka chathunthu, kamera ili pachifuwa,
ndikuthamangitsa nkhope ngati mwana wogwira ziwala,
madzulo n'kubwerera ndi zithunzi mazana atatu
popanda n'chimodzi chomwe chopuma.

Mayi Leontina Ossandón, amene anatsuka mafilimu zaka makumi anayi
m'kachipinda konunkha mankhwala kuseri kwa doko,
anaziyala patebulo, napukusa mutu.
"Uyu pholo la magetsi lamumera pamutu.
Uyu wamudula akakolo.
Uyu wamuimira kutali ngati uli naye ngongole.
Leka kusaka anthu, Amaranta. Saka khoma.
Peza pamene kuwala kwagwa bwino, uime, udikire.
Munthu abwera yekha."

Ndinapeza khoma lamalata lopakidwa utoto wachikasu
pamakwerero otsikira kumsika wa nsomba.
Cha m'ma teni dzuwa linkalidula pakati,
uku moto, uku mdima.
Masiku anayi ndinaima pamenepo
mpaka agalu a mumsewu anasiya kundinunkhiza.
Tsiku lachisanu anatulukira mwamuna wina,
dengu lili paphewa, mamba a nsomba akung'anima pamkono,
phazi limodzi m'kuwala, linalo likadali mumthunzi,
akuseka, atacheukira kumbuyo.
Chala changa chinadina chisanandifunse.

Usiku pakompyuta ndinachita zonse zimene ndinaphunzitsidwa.
Khoma linapendekeka pang'ono, ndinaliwongola.
Makwerero ndinawadetsa kuti diso lisasochere.
Tsaya ndinaliwalitsa, makwinya ndinawasiya, si anga.
Chikasu chija chinkalongolola kwambiri, ndinachitontholetsa.
Koma m'mphepete, chakumanzere,
munali dzanja la munthu wosaoneka,
zala zinayi zitagwira mpendero wa jekete la mwamunayo.
Chitsotso ichi, ndinatero. Ndinalidula.
Chithunzi chinatsala choyera, chokhazikika.
Mayi Leontina anachiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu,
ndipo kwa iwo kumeneko ndiko kuyamikira.

Patapita miyezi itatu ndinapita kukamufuna mwini nkhope,
poti ngakhale chotola mumsewu chili ndi mwini wake.
Dzina lake Baldomero.
Anapukuta manja pa epuloni,
nachigwira m'mbali ngati mbale yotentha.
"Ndine, inde.
Koma ndikuseka ndi ndani?
Makwerero amenewa sinditsika ndekha ine."
Anameza malovu.
"Sindinkatsika ndekha.
Eduvigis ankandigwira jekete, maondo ankamuvuta.
Tinamuika m'manda mu Julayi."

Mbalame za kunyanja zinkalimbirana matumbo a nsomba.
Ndinasowa poika maso,
ine amene ndimadyera maso.

Chitunda chija ndinachikwera chothamanga,
ndinatsegula chithunzi choyambirira, chosakhudzidwa.
Dzanja linalipo, likudikira,
mphete yopyapyala, chikhadabo chimodzi chothyoka.
Ndinalibwezera.
Khoma linapendekekanso,
kachidutswa ka chidebe chazinyalala kanalowanso pangodya,
koma kuseka kuja kunapeza kopita.

Lero chapachikidwa pamwamba pa sikelo ya Baldomero,
ntchentche zikuterapo, mchere ukudya mapepala ake.
Ogula ena amafunsa kuti wojambula anaphonya bwanji,
munthu wathunthu n'kungotengako zala.
Iye amangokulunga nsomba, osayankha.

Mayi Leontina akuti lamulo lawo silinasinthe:
yang'ana m'mphepete usanadine.
Ndimayang'anadi.
Pakhoma lachikasu ndimaimabe m'mawa wina,
ngakhale utoto wayamba kusupuka
ndipo galu mmodzi wazolowera kugona pansapato zanga.
Koma usiku, mpeni ndisanautsitse,
ndimasendera pafupi ndi galasi
n'kumufunsa kaye munthuyo chamumtima:
kodi ukuseka ndi ndani?